Wodwala ali m'manja mwa gadiyani, nanga sopo ali kuti?

Kunja kusanayere bwino, m'wodi ya amayi pachipatala china cha boma m'chigawo cha kumwera munali mutayamba kale piringupiringu.

Okolopa anali atafika ndi ndowa zawo. Uthenga wake unali womwe uja wa m'mawa uliwonse: magadiyani onse atuluke, tikolope.

Pansi pa mabedi ndi m'mipata yake munadzuka anthu. Anapinda zitenje zimene anayala pasimenti, n'kukoka majumbo, mapoto ndi mafulasiki amene anawakankhira kumutu kwa bedi. Ena tulo sanatione n'komwe.

Maso anga anakhala pa mayi wina wachikulire amene ankadwazika mwana wake, mtsikana wochitidwa opaleshoni pobereka.

Asanatuluke, mayiyu ananyamula kabeseni kamene wodwala anadzithandiziramo usiku n'kukakhuthula kuchimbudzi. Atabwerako anadzutsa mwana wake pang'onopang'ono, kumukhazika tsonga, kumupukuta kumaso. Anasuzumira pabala n'kukonza bandeji. Anatenga khanda, kulisintha thewera, kulipereka kubere. Kenaka anatsegula fulasiki, kuthira phala m'kapu n'kuyamba kumwetsa wodwalayo.

Ntchito zonsezi, manja omwewo.

Kuchokera kuchimbudzi kufika pa phala, manjawo sanakumane ndi sopo. Sinki ya pakhomo la wodi inali youma, mpopi wake utamangidwa ndi nsanza. Madzi anali kuseri kwa khitchini ya magadiyani, kumene mzere wa zigubu unali utatalika kale. Mayiyu anangotsukuluza zala ndi timadzi totsala m'botolo n'kupukutira pachitenje.

Munthu wauve sachita zimene ndinaona mayiyu akuchita. Malo a mwana wake anali osesedwa, zovala za khanda zochapidwa ndi zopindidwa bwino. Anachita zonse zimene chikondi chimatha kuchita pamalo opanda madzi.

Aliyense amene anadwazikapo matenda m'chipatala cha boma kuno kwathu akudziwa kuti wodwala wopanda gadiyani amavutika kawiri. Anamwino ndi ochepa. Usiku namwino mmodzi kapena awiri amagwira wodi yonse, ena mwa odwalawo atagona pamatilesi pansi. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, kuchapa, kuperekeza kuchimbudzi, kuthamanga kukaitana namwino diripi ikatha, zonsezi zimagwera mayi, azakhali, apongozi, mchemwali kapena mkazi wa wodwalayo.

Choncho manja amene amakhudza wodwala kwambiri tsiku lonse ndi a munthu amene sanalowepo m'kalasi ya unamwino, salandira magolovesi, ndipo dzina lake mulibe m'kaundula aliyense wa chipatala.

Tikamakamba zopewa matenda m'zipatala, munthu ameneyu timamuiwala.

Pali matenda amene munthu amabwera nawo kuchipatala, ndipo pali amene amawapeza komweko. Mayi wabwera kudzachira, patatha masiku atatu thupi latentha, bala latupa ndipo likutuluka mafinya. Mwana wagonekedwa ndi malungo, pamene anamubaya kasingano ka diripi patupa, tizilombo talowa m'magazi. Agogo awaika paipi ya mkodzo, paipiyo yakhalitsa, impso zayamba kuvuta.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2022, linanena kuti m'maiko olemera odwala 7 mwa 100 aliwonse ogonekedwa m'chipatala amatenga matenda ena ali momwemo. M'maiko osauka ndi apakatikati chiwerengerocho ndi 15 mwa 100. Mwa odwala 10 otenga matenda oterewa, mmodzi amamwalira nawo.

Lipoti lomwelo likuti kusamba m'manja moyenera pamodzi ndi njira zina zosafuna ndalama zambiri kungathe kupewetsa matenda 70 mwa 100 aliwonse a mtunduwu.

Kwathu kuno imfa zoterezi sizitchulidwa dzina lake. Pamaliro amangoti anali atayamba kupeza bwino, kenaka zinangosintha. Ena amaloza mfiti. Ena amati inali nthawi yake. N'kamodzikamodzi kumva wina akufunsa ngati pawodi panali madzi.

Tizilombo ta bakiteriya tilibe mapiko. Timayenda pa zala, pa chitsulo cha bedi, pa chomvera kugunda kwa mtima, pa foni ya m'manja, pa chitenje chimene chayalidwa pansi usiku n'kufunditsidwa khanda m'mawa. Khungu la munthu wathanzi limatitchinga. Koma wodwala wa m'chipatala ali ndi makomo otsegula: bala la opaleshoni, pobaya diripi, paipi ya mkodzo, mchombo wa khanda umene sunaume.

N'chifukwa chake anamwino ndi madokotala amaphunzitsidwa nthawi zisanu zoyenera kuyeretsa m'manja. Asanakhudze wodwala. Asanagwire ntchito yofuna ukhondo wapadera monga kutsuka bala kapena kuika diripi. Atakhudza magazi, mkodzo, masanzi kapena chimbudzi. Atamaliza kukhudza wodwala. Ndiponso atakhudza zinthu zomuzungulira, ngakhale bedi lokha.

Tawerengani nokha. Namwino ali ndi odwala makumimakumi, aliyense akufuna jakisoni, ndipo sinki yotuluka madzi ili kumapeto kwa khonde. Kusamba bwino ndi sopo kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Akati atsate lamulo lonse, kudzacha asanamalize kupereka mankhwala.

Apa m'pamene magolovesi amanyenga. Munthu amavala awiri m'mawa n'kuzungulira nawo bedi ndi bedi. Iye watetezeka, koma magolovesiwo asanduka galimoto yonyamula tizilombo kuchokera kwa wodwala uyu kupita kwa uyo. Amayenera kuvulidwa ndi kutayidwa pakati pa wodwala aliyense, manja n'kuyeretsedwanso. Koma bokosi likakhala limodzi la sabata yonse, namwino amaumira, ndipo sindingamudzudzule ndisanafunse amene amagula.

Nzeru yosamba m'manjayi ndi yakale. Mu 1847, pachipatala chachikulu cha Vienna, dokotala wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis anadabwa kuti amayi ambiri ankamwalira ndi kutentha thupi atabereka m'wodi ya madokotala kusiyana ndi m'wodi ya azamba. Anazindikira kuti madokotalawo ndi ophunzira awo ankachokera kong'amba mitembo n'kupita kukayeza amayi. Analamula kuti aliyense azisamba m'madzi a klorini. Mu Epulo chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 mwa 100 anamwalira m'wodi imeneyo. Pofika Julaye chiwerengero chinatsika kufika pa mmodzi kapena awiri.

Anzake ambiri sanamumvere. Zinawawawa kuuzidwa kuti manja awo ndi amene ankapha.

Kwa zaka zambiri ife takhala tikudalira chinthu chimene Semmelweis analibe, mankhwala opha bakiteriya. Bala likavunda, jakisoni alipo. Thupi likatentha, makapusozi alipo. Ukhondo ukalephera, mankhwala ankatiwombola.

Chitetezo chimenecho chikutha, ndipo umboni wake unachokera ku Blantyre konkuno.

Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi pachipatala cha Queen Elizabeth kuyambira mu 1998. Mu 2017 anatulutsa zotsatira za zaka zonsezo kufika 2016. Nkhani yabwino inalipo: matenda a bakiteriya m'magazi anachepa kwambiri, makamaka chifukwa cha ma ARV ndi katemera. Koma tizilombo totsalato tinali titalimba mutu.

Mu 2003, mwa tizilombo 100 ta mtundu wa Klebsiella topezeka m'magazi, pafupifupi 12 ndi timene tinali ndi mphamvu yogonjetsa mankhwala a gulu la ceftriaxone. Pofika 2016 tinali 90. Tizilombo ta E. coli tosamva mankhwalawa tinachoka pa kamodzi kokha mwa 100, mwinanso kuchepera apo, kufika pa 30.

Ceftriaxone ndi jakisoni uja amene pafupifupi wodi iliyonse imathamangira wodwala akafika ali chikomokere. Amabayidwa kamodzi patsiku, n'chifukwa chake amakondedwa pamene anamwino ali ochepa. Akalephera iyeyu, otsatira ake monga meropenem ndi okwera mtengo ndipo sapezeka wamba m'zipatala za m'maboma. Zipatala zambiri zilibenso zipangizo zomeretsera tizilombo ta m'magazi kuti zidziwe mankhwala amene angagwire. Dokotala amangoyesa.

Amene amalipira mtengo waukulu ndi makanda.

Khanda lobadwa masiku osakwana thupi lake silinakhwime kulimbana ndi matenda. Limaikidwa timapaipi m'mphuno, kasingano padzanja, ndipo limakhudzidwa ndi anthu ambiri. M'zipatala zathu zikuluzikulu si zachilendo kuona makanda awiri kapena atatu pakabedi kamodzi. Mu 2014, kuchipinda cha makanda cha Chatinkha ku Queen Elizabeth kunabuka Klebsiella wosamva mankhwala ambiri, ndipo ofufuza atayeza tizilomboto anapeza kuti mtundu umodzi ndi umene unafalikira m'chipindamo.

Chatinkha tikuitchula chifukwa kumeneko kuli oyeza ndi olemba. Kumene kulibe labotale, makanda amangomwalira, pakhadi n'kulembedwa kuti anabadwa wofooka.

Mpanda wa chipatala sutchinga tizilombo. Timatuluka ndi wodwala, ndi gadiyani, ndi madzi oipa a m'ngalande, ndipo timabwereranso titaphunzira zambiri kumudzi.

Pitani pamsika uliwonse kapena pagolosale ya m'mudzi. Amoxicillin, bactrim ndi flagyl amagulitsidwa awiriawiri, molingana ndi ndalama imene munthu ali nayo m'thumba, ngakhale lamulo limafuna kalata ya dokotala. Wa chimfine amamwa. Wa m'mimba amamwa. Ena amatsegula kapusozi n'kuwaza ufa wake pachilonda, ena amasungunulira nkhuku. Munthu akangomva bwino pa tsiku lachiwiri amasiya, otsalawo amasungira mwana.

Sindikuseka anthu amenewa. Chipatala chili kutali, kabaza amafuna ndalama, ndipo ukafika n'kutheka kuuzidwa kuti mankhwala atha, kagule. Koma tizilombo timene takumana ndi mankhwala osakwanira n'kupulumuka ndi timene tidzakane jakisoni tsiku limene mwana adzagonekedwe.

Ngati pali nthawi imene dziko lino linaona ndi maso kuti chipatala ndi mudzi zimamwa chitsime chimodzi, ndi nthawi ya kolera.

Mliriwu unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, m'nyengo ya namondwe wa Ana ndi wa Gombe amene anagwetsa zimbudzi ndi kuononga zitsime. Tinazolowera kuti kolera amabwera ndi dzinja n'kupita nalo. Uyu anadutsa chilimwe chonse, anakwera m'mbali mwa nyanja, analowa m'mizinda, mpaka boma lililonse linakhudzidwa. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Mu Febuluwale kampeni ya Tithetse Kolera inakhazikitsidwa kwa Mgona ku Lilongwe.

Anthu oposa 59,000 anadwala. Oposa 1,700 anamwalira. Dziko lino linali lisanaonepo kolera wopha anthu ochuluka chonchi.

Amene analowapo m'matenti a kolera amakumbukira fungo la klorini. Pakhomo unkaponda m'madzi a mankhwala kapena kupoperedwa nsapato. Gadiyani ankaloledwa mmodzi yekha. Bedi linali loboola pakati, ndowa pansi pake, ina pambali ya masanzi. Klorini ankasungunulidwa mwa mphamvu zitatu: wa 0.05 peresenti wosambira m'manja, wa 0.2 peresenti wa pansi, mabedi ndi zovala, ndi wa 2 peresenti wa chimbudzi, masanzi ndi mitembo. Panali munthu amene ntchito yake inali kungoima pakhomo n'kuonetsetsa kuti palibe wotuluka osasamba.

M'tenti ya pabwalo, dziko losauka lomweli linatha kusunga malamulo amene wodi ya njerwa imalephera.

Kumudzi ntchito inali m'manja mwa alangizi a zaumoyo. N'zochititsa chidwi kuti ntchito yawo inachokera ku miliri yomweyi: oyamba anali obaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenaka othandiza pa kolera m'zaka za m'ma 1970. Cholinga cha boma n'choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo. Ndi amene ankayenda khomo ndi khomo ndi botolo la klorini, kuthira m'ndowa pamjigo, kuwerenga zimbudzi, kuphunzitsa kusungunula Thanzi ORS, ndi kukakamiza mpondagiya pakhomo la chimbudzi chilichonse.

Mpondagiya ndi kachipangizo koyenera ulemu. Kachigubu koboola, chingwe, ndodo yoponda ndi phazi, sopo kapena phulusa pambali. Dzanja lochokera kuchimbudzi silikhudza kalikonse mpaka litayera.

Zinavuta kwambiri pamaliro. Kwathu kusambitsa thupi la malemu ndi ulemu womaliza, ndipo kuphika nsima ya anamfedwa ndi adzukulu ndi udindo wa mudzi wonse. Tsono kunabwera lamulo loti thupi la womwalira ndi kolera lisasambitsidwe, liikidwe msanga moyang'aniridwa ndi azaumoyo, ndipo pasaphikidwe chakudya. Lamuloli linali ndi chifukwa chomveka, poti thupi lotero limakhalabe ndi tizilombo tochuluka ndipo amene asambitsa nthawi zambiri ndi omwewo amene akatakase mphika. Koma kumene chifukwacho sichinafotokozedwe mwaulemu, mphekesera zinalowa m'malo. Kunamveka zoti azachipatala ndi amene akufalitsa matendawa. Ku Balaka ndi ku Lilongwe anthu okwiya anafika poononga zipatala.

Kumene mafumu ndi atsogoleri a mipingo anakhala pansi ndi azaumoyo kuyambira pachiyambi, anthu anamvera.

Pali mwambo umodzi umene unasintha m'makomo ambiri popanda phokoso. Kale beseni la madzi linkayamba kwa abambo kapena mlendo, n'kuzungulira motsata misinkhu, mwana wamng'ono n'kusamba pomaliza m'madzi amene atsuka manja a onse. Wofooka kuposa onse ndi amene ankalandira litsiro lonse. Masiku ano m'nyumba zambiri, m'malesitilanti ndi pamaukwati anthu amathirirana ndi jagi kapena kapu. Ulemu sunachoke. Mwana amagwadabe, kungoti tsopano akuthira madzi m'malo mopereka beseni.

Zimenezi zikundiuza kuti anthu athu sakana ukhondo akauzidwa chifukwa chake ndiponso akapatsidwa chogwiritsa ntchito.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti khama lathu limayendera mantha. Covid-19 atafika mu Epulo 2020, pakhomo la banki, sitolo, tchalitchi ndi mzikiti panali ndowa ya kampopi ndi sopo. Mantha atatha, ndowazo zinapita kukasungira ufa. Kolera atabwera zinatulukanso. Lero yendani m'malo omwewo muone zatsala zingati, ndipo mwa zotsalazo ndi zingati zili ndi madzi.

Klebsiella wa m'wodi ya makanda alibe nyengo, ndipo salengezedwa pawailesi. Amapha mmodzimmodzi chaka chonse.

Zofunika kuchita sizobisika, ndipo zina zili pafupi kuposa mmene timaganizira.

Mankhwala opaka m'manja aja, amene ambiri tinawadziwa nthawi ya Covid-19, amathetsa vuto la namwino wosowa nthawi. Amatenga masekondi 20 mpaka 30, safuna sinki, ndipo botolo lingamangiriridwe pabedi kapena kuikidwa m'thumba la yunifolomu. Manja akakhala ndi litsiro looneka, madzi ndi sopo n'zofunikabe, koma nthawi zina zonse mankhwalawa amakwanira. WHO inafalitsa kale kapangidwe kake kuti chipatala chizitha kudzisakanizira chokha: ethanol, glycerol, hydrogen peroxide pang'ono ndi madzi oyera. Ethanol timapanga tokha kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. N'zovuta kumvetsa kuti dziko lotere lingakhale ndi wodi yopanda botolo ngakhale limodzi.

Kenaka pali okolopa. Pachipatala amaonedwa ngati otsika kuposa onse, ndipo pamaphunziro ndi amene amaiwalika kuitanidwa. Komatu ndi amene amasungunula klorini, amanyamula mabokosi a singano zogwiritsidwa kale ntchito, amatentha zinyalala, amatsuka bedi limene wina wamwalirapo asanagonepo wina. Ngati sadziwa kuti klorini wosungunula dzulo watha mphamvu, kapena kuti chokolopera cha kuchimbudzi sichilowa m'chipinda chochirira, ukatswiri wonse wa dokotala wa opaleshoni ungathe kuonongeka ndi nsanza imodzi.

Ndipo pali gadiyani.

Kusikelo ya amayi oyembekezera ndi ya ana, m'mawa uliwonse kumakhala phunziro la zaumoyo, nthawi zina ndi nyimbo zomwe. Njira imeneyi timaidziwa bwino. Chingalepheretse n'chiyani kuti kumalo ogona magadiyani kuzikhalanso phunziro la mphindi khumi tsiku lililonse? Kuwaonetsa nthawi zosamba m'manja. Kuwauza kuti bala ndi pobaya diripi sipogwira, ndipo pakatupa kapena kufiira aitane namwino. Kuti pamchombo wa khanda sipapakidwa phulusa, mafuta kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene achipatala apereka. Kuti chitenje chogonera pansi chisafunditsidwe mwana. Kuti mazenera a wodi ya chifuwa chachikulu azikhala otsegula ngakhale kukuzizira, chifukwa mpweya woyenda ndi umene umachotsa tizilombo ta TB m'chipinda.

Magadiyani amaphunzitsana okha kale. Wobwera lero amauzidwa ndi amene wakhalitsa kumene kuli nkhuni, nthawi ya madokotala ndi namwino amene ali wofatsa. Uthenga wa ukhondo utalowa m'njira imeneyi ungayende wokha.

Koma kuphunzitsa munthu kusamba m'manja pamene mpopi uli wouma n'kumunyoza. WHO ndi UNICEF ananena mu 2022 kuti theka la zipatala padziko lonse lilibe malo okwanira osambira m'manja okhala ndi madzi ndi sopo kapena mankhwala opaka, pamene odwala amathandizidwira ndi kuzimbudzi. Amayi ambiri a kumudzi kuno amadziwa kuti pokadikirira kuchipatala chaching'ono amanyamula chitenje, lumo, beseni, ndipo mwina m'bale woti azikatunga madzi kumjigo.

Ndalama zoyendetsera zipatala za m'maboma zimadutsa kukhonsolo, ndipo thumba lake ndi limodzi: mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, magetsi, bilu ya madzi, kukonza zowonongeka, sopo ndi klorini. Ndalama zikachedwa kapena zikachepa, ambulansi imapambana, chifukwa ikaima aliyense amaona ndipo mawa zili m'nyuzipepala. Mpopi wa kuwodi ukafa, umamangidwa nsanza n'kudikira mwezi wa mawa.

Chipatala chilichonse chili ndi komiti yake ya anthu a m'dera, ndipo khonsolo iliyonse ili ndi komiti ya zaumoyo mmene mumakhala makhansala. Anthu amenewa amamva malipoti a mankhwala amene asowa ndi ambulansi zimene zili pamiyala. Ndikanakonda lipoti lomwelo lizinenanso kuti mwezi wathawu kuchipinda chochirira kunalibe madzi masiku angati, ndi masinki angati amene akugwira ntchito, ndi amayi angati amene anabwerera ndi bala la opaleshoni lotuluka mafinya. Ziwerengero zimenezi sizifuna labotale. Zimafuna kope, cholembera ndi munthu woti azifunsa mwezi ndi mwezi.